Mano Osadula Ulusi

Telala aliyense amadula ulusi ndi mano. Sizasi ndi ya nsalu. Ukamaliza kusokerera batani suyamba kufukula zigamba kufuna sizasi, umangokwezera malaya kukamwa, du, wina abwere. Mayi Telala anatero zaka makumi awiri ndi zisanu m'kachipinda kawo kosokera, kopanikizika pakati pa saluni ndi okonza mafoni, mpaka dzino lawo limodzi lakutsogolo linakumbika kanjira ka ulusi.

Mzime wawo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ndiye sankatha. Akaluma, mano am'mbali ankakumana bwinobwino, koma akutsogolo ankasiya mpata woti chala n'kulowa. Am'mwambawo anali otulukira kunja ngati khonde la sitolo, ndipo akamalankhula lilime linkasuzumira pampatapo. Kusukulu ankamuitana Kawindo. Buledi ankalumira cham'mbali. Aphunzitsi akati imirira uwerenge, kalasi lonse linkakhala zii kudikira kuti mawu ayambe kumuthawira pawindopo, kenako phwete.

Mano amenewo anali a bambo ake. Malemuwo anali kalipentala, munthu wa manja abwino, koma misomali ankaigwirira pakona pa kamwa chifukwa kutsogolo inkagwa. Mlongo wawo wa malemu, mwini wake wa saluni ija, nayenso anali nawo omwewo. Kubanja kwawoko ankati ndi chidindo chawo, ndipo mwana womera mano owongoka ankamuyang'ana kawiri.

Zinayamba ndi malaya oyera a bambo wina wa mu ofesi. Linali Loweruka, ntchito itachuluka, ndipo Mayi Telala anamuponyera Mzime malayawo kuti asokerere mabatani awiri, mwiniwake ali chiimire pakhomo. Mwana anasoka bwino, dzanja anali nalo. Atamaliza anakwezera malaya kukamwa monga ankaonera amake. Analuma, ulusi unangodutsa. Analumanso, unadutsanso. Anaupititsa cham'mbali n'kuyamba kuutafuna, malovu n'kudonthera pa kolala.

"Aaa, mayi," anatero bambo uja akuseka, "mwanayu m'gulireni sizasi yake. Pakamwapo mpodutsa basi ndi okwera omwe."

Mzime anaseka nawo. Ndicho chinawapsetsa mtima Mayi Telala. Osati bamboyo ayi, opusa ngambiri ndipo onse amavala malaya. Chinawapsetsa mtima n'chakuti mwana anaseka dzanja lili pakamwa. Dzanja limenelo iwo analiona zaka makumi awiri pankhope pa mwamuna wawo, ndipo ankayesa kuti analikwirira naye limodzi. Mayi Telala anamupatsa bamboyo malaya ake n'kumuuza kuti kuyambira tsiku limenelo mabatani azikasoketsa komwe anaphunzira mwano. Lolemba m'mawa anatseka chitseko, n'kumugwira mwana pamkono, ulendo wa kuchipatala cha mano.

Dokotala wake anali mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, wosachulutsa mawu. Anamugoneka Mzime pampando wopendekeka, anamuunika, anamujambula mafupa a nsagwada, kenako anamulumitsa phala lapinki lozizira m'kambale kachitsulo mpaka mwana misozi m'maso. Ulendo wachiwiri anawaonetsa zomwe zinatuluka m'phalamo: mano a Mzime enieni, oumbidwa ndi pulasitala woyera, am'mwamba ndi am'munsi, windo lili yasa.

"Zimatheka," anatero dokotala. "Koma mano sakokedwa tsiku limodzi, mayi. Timamata tizitsulo pa dzino lililonse, timadutsitsamo waya. Wayayo amakoka pang'onopang'ono, fupa n'kumapereka njira. Zaka ziwiri, mwina kuposa."

"Mukakoka kwambiri?"

"Mizu imawonongeka."

"Mukalekerera?"

"Amabwerera komwe anachoka."

"Ndiye ndi makina anga omwewo," anatero Mayi Telala. "Ulusi ukathina nsalu imakwinyika, ukalekerera msoko umamasuka. Yambani."

Mlungu woyamba mwana sanadye chouma. Tizitsulo tinamupala m'masaya mpaka zilonda, anaphunzira kumata phula pomwe pakubaya, anaphunzira kutsuka ndi kamswachi kakang'ono konga kopukutira makina. Nzimbe, chingamu, mafupa, zonse anasiya. Sanadandaule. Chaka chitatha mano am'mwamba anali atabwerera m'kati, atafola mzere ngati mabatani a jekete. Mayi Telala ankaonetsa aliyense wobwera kudzayesa zovala, wofuna ndi wosafuna yemwe.

"Tayasamula awaone."

"Mama inunso!"

"Yasamula, ndati. Onani, amayi. Chaka chatha awa anali panja, amawothera dzuwa."

Panatsala windo. Dokotala anatulutsa kapaketi ka timphira tating'onoting'ono, tozungulira, tooneka ngati madzi. Anamuonetsa Mzime kakolekedwe kake: kuchokera pa kangowe ka dzino lam'mwamba kutsikira pa kangowe ka lam'munsi, uku ndi uku, kuti mano azikokana mpaka akumane.

"Mawaya ndi ntchito yanga," anatero dokotala. "Timphirati ndi ntchito yako. Uzivula podya ndi potsuka basi, ukatha uvale tatsopano. Ine sindidzakhalapo kuti ndikuone. Mano ndi amene adzandiuze."

Ndipo mano anamuuzadi. Ulendo wotsatira dokotala anaika karula kachitsulo pawindo paja, n'kulemba. Ulendo wina, karula komweko, nambala yomweyo. Ulendo wachitatu anavula magalasi.

"Ukuvala timphira?"

"Ndikuvala."

"Tsiku lonse?"

"Eya."

"Mayi," dokotala anatembenukira kwa Mayi Telala, "mwanayu sakuvala. Ndikupatsani masabata asanu ndi limodzi. Mukadzabwera ndikapeza nambala yomweyi, ndichotsa zonse. Mawaya okhalitsa pa mano osayenda amangosunga zakudya n'kuwoletsa mano. Windolo akhala nalo."

Mayi Telala anaimirira mpando n'kugwa.

"Mwana wanga sanama! M'mawa uliwonse amatuluka m'nyumba timphira tili mkamwa, ndimamuona ndi maso angawa. Madzulo amafika tili mkamwa. Paketi imatha pa nthawi yake, ndimaigwedeza ndekha. Ngati ntchito yakukanikani nenani, musanamizire mwana wamasiye."

Dokotala anavala magalasi ake n'kutseka fayilo. "Masabata asanu ndi limodzi, mayi."

Njira yonse yobwerera Mayi Telala anatukwana. Anatukwana magalasi, anatukwana karula, anatukwana anthu ophunzira amene akalephera amaloza odwala. Mzime ankangoyenda pambuyo maso ali pansi, ndipo amake anayesa kuti ndi manyazi a kunamiziridwa.

Patatha masiku anayi kunabwera mayi wina ndi kamwana kake kakakazi kudzayesa yunifolomu. Mayi Telala anagwada n'kukaimika bwino kamwanako, tepi pamapewa. Kanali kolukidwa tsitsi tizingwe tambirimbiri, ndipo kunsonga kwa kachingwe kalikonse kunali kamphira. Kakang'ono. Kooneka ngati madzi.

Anasiya tepi. Anavula kamphira kamodzi, anakaika pachikhatho, anakakoka ndi zikhadabo ziwiri.

"Mwanayu munakamulukitsa kuti?"

"Apa pomwepa, pa alamu anuwa. Bwanji, sanamuluke bwino?"

Mayi Telala anatola tepi n'kudzuka. Analowa mu saluni tepi ili m'khosi, kamphira kali pachala. Munali amayi atatu, awiri pabenchi, mmodzi pampando akulukidwa. Mlamu wawo anali ataima kumbuyo kwake, chipeso atachibaya m'tsitsi lawo lomwe. Pashelefu, pakati pa mabotolo a mafuta, panali kasosala kodzaza timphira, ndipo pambali pake mapaketi atatu a kuchipatala, opanda kanthu.

"Alamu, mwalowa ngati mwaona mbala," anatero a saluni. "Odi munamusiya kuti?"

"Mbalayo ndaiona. Ichi n'chiyani?"

"Kamphira."

"Ka kuti?"

"Ka m'tsitsi. Timagwira bwino kwabasi, sitiduka, makasitomala atikonda."

"Aka n'ka mkamwa mwa mwana wanga!"

Mayi wa pampandoyo anadzigwira kumutu. "Mwati ta mkamwa? Mwandimanga ndi ta mkamwa mwa munthu?"

"Khalani pansi, amayi, n'tatsopano," anatero a saluni msangamsanga. "Sitinavalidwepo n'kamodzi komwe."

"Mwamva nonse?" Mayi Telala anatembenukira kubenchi. "Anena okha. Sitinavalidwepo! Ine ndakatukwana dokotala pamaso pa anthu, ndagwetsa mpando wa eni, kuteteza bodza lophikidwa kuseri kwa khoma langa lomwe!"

A saluni anasiya tsitsi n'kuika manja m'chiuno. "Sindinabe kanthu ine. Mwana amabweretsa yekha, ndipo amabwera akulira. Inu simumufunsa, mumangomuyasamulitsa pamaso pa anthu ngati mbuzi ya pamsika. Mano amenewo ndi athu, alamu. Abambo athu anali nawo, achimwene anali nawo, ine ndi awa. Achimwene munawaika m'manda, sitinakane, n'zochita Mulungu. Koma tsopano mufuna muwafufutenso pankhope pa mwana. Ine ndikamuona mwanayu akulowa pakhomopo ndimaona mlongo wanga. Mukamaliza ndi mawaya anuwo ndidzaona ndani?"

"Mlongo wanu! Anamuphikira ndani zaka makumi awiri, nyama n'kumaiduladula ngati ya khanda? Inu?"

"Anadandaula?"

"Kwa inu akanadandaula bwanji, muli ndi omwewo?"

Mmodzi wa amayi a pabenchi, wonenepa, wa ndolo zazikulu, anati wake ndi mwayi. "Komatu ngati timphirato timakoka mano a munthu, ndimangireni tiwiritiwiri. Mwina tsitsi langali lifika m'mapewa pofika Lamlungu."

Saluni yonse inafa nacho chiseko. Ngakhale mwini wake chinamupitirira, ndipo dzanja linathamangira pakamwa lokha, monga linazolowera.

"Chotsani dzanjalo," anatero Mayi Telala.

Chiseko chinaduka.

"Chotsani, alamu. Si chidindo cha banja? Mukuchibisiranji? Tichione tonse. Zaka makumi asanu simunasekepo dzanja lili pansi. Ndiye mwati mwana wanga akakhale nanu kuseri kwa dzanjako, kuti musatsaleko nokha."

Dzanja la a saluni linatsika pang'onopang'ono, milomo n'kuyesetsa kukumana pamwamba pa mano, osatheka. Mayi Telala anadziwa kuti abaya pakuya kuposa pomwe ankafuna, koma sanali munthu womeza mawu atawalavula. Anatambasula dzanja kuti atenge kasosala kaja, kenako analibweza.

"Amene anabweretsa timphirati adzatitenga yekha, ngati afuna."

Mzime anafika kuchokera kusukulu dzuwa litapendeka, chikwama kumsana, timphira tili mkamwa bwinobwino. Amake sanadzutse mutu pamakina.

"Umavalira pati?"

"Mama?"

"Ndati timphirato umavalira pati? Pakona pa okonza mafoni, kapena pamtengo wa magetsi? Ndipo m'mawa umavulira pati?"

Mwana anaima chilili. Kenako chikwama chinatsika chokha.

"Pamtengo wa magetsi."

"Chifukwa? Timawawa?"

"Ayi."

"Akukuseka kusukulu?"

"Anasiya."

"Nanga n'chiyani, iwe? Lankhula, kamwa uli nayo, ndaiona mkati monse!"

"Ndikayang'ana pagalasi sindikuwaonanso adadi." Mawuwo anatuluka pamodzi ndi misozi. "Poyamba ndikaseka ndimawaona. Pano atsala pang'ono pokha, pawindo pomwepa. Pakatsekeka ndiye kuti apita. Zithunzi zawo zonse atseka pakamwa, mama. Palibe n'chimodzi chomwe akuoneka mano."

Mayi Telala anali atakonzeratu mawu tsiku lonse, ambiri, akuthwa. Anawasowa onse. Anaponda makina n'kusoka msoko wautali pa siketi yosafunika msoko pamenepo, kenako n'kukhala akuusomola ndi singano. Chaka chathunthu ankayasamulitsa mwanayu, ndipo sanamufunse n'kamodzi komwe kuti pagalasi amaonapo chiyani. Zinawakwiyitsa kwambiri, chifukwa panalibe womukalipira koma iwo eni.

M'mawa mwake anapita kuchipatala okha. Anadikira pabenchi mpaka odwala atatha, n'kulowa.

"Munanena zoona. Sakuvala."

"Ndikudziwa," anatero dokotala.

"Musazolowere. Mpando wanu sunathyoke?"

"Ulipo."

"Ndabwera kudzatenga mano a mwana wanga. Oyera aja, a pulasitala, a tsiku loyamba."

"Amenewo timasunga, mayi, kuti tiziona pomwe tinayambira."

"Inu muli ndi karula, muli ndi zithunzi, muli ndi fayilo. Mwanayu alibe kanthu." Ndipo anafotokoza zonse, za saluni, za mtengo wa magetsi, za galasi, ali chiimire, mokalipa, ngati dokotalayo ndiye anayambitsa.

Dokotala anamvetsera osadula mawu. Kenako anatsegula kabati momwe munali tizibokosi tambirimbiri, anatulutsa kamodzi, n'kupita nako kuchipinda chakumbuyo. "Bwerani mawa. Ndiumba ena oti nditsale nawo, awa mudzatenge." Ali pakhomo anawonjeza: "Masabata aja sindinasinthe."

"Ndani wati musinthe?"

Tsiku lachitatu Mzime atafika anapeza patebulo lodulira nsalu pali kanthu kokulungidwa m'chigamba cha veleveti. Pambali pake panali paketi yotsala ya timphira.

"Tsegula," anatero amake.

Mwana anatsegula. Mano oyera, am'mwamba otulukira kunja, windo lili yasa.

"Amenewo ndi mano a bambo ako. Enieni, osachotsera. Amenewo sasuntha, waya sawagwira, dokotala sawafuna. Khala pansi, ndikuuze zomwe azakhali ako sadziwa."

Mzime anakhala pa mpando wa makasitomala, manowo ali m'manja.

"Ukuti zithunzi zonse atseka pakamwa. Ukuganiza anawatseka ndani, wojambula? Tsiku la ukwati wathu wojambula anachita kuwapempha katatu kuti aseke, iwo milomo ndii, ngati akubisa ndalama yachitsulo mkamwa. Munthu ameneyo anali woseketsa, iwe. M'nyumba, tili awiri, ankaseka mpaka kugwa pamphasa. Akangotuluka pakhomo, dzanja. Kwa makasitomala, dzanja. Kwa apongozi ake, dzanja. Ukudziwa chomwe anachita mano ako aukhanda ataguluka, atsopanowa atayamba kutuluka? Anakuyang'ana mkamwa, anatuluka osalankhula, anatenga thabwa labwinobwino la chitseko cha munthu n'kuyamba kulipala. Anapala, anapala, mpaka linasanduka lopyapyala ngati chivindikiro. Ndinawafunsa kuti mwapenga? Anati, pa zonse ndili nazo, mwana ndam'patsa zimenezi."

Mzime anaika kachala pawindo la pulasitala lija. Kanalowa.

"Ukuti akupita. Apita kuti? Zala zakumapazi zotambalala ngati zabakhazo n'za ndani? Kuyetsemula katatu motsatizana n'kwa ndani? Liuma limeneli, loti munthu n'kunama miyezi itatu nkhope ili gwa, ukuganiza unatengera ine?"

"Mwina," anatero mwana chapansipansi.

"Usandiyankhe. Tamvera. Sindikumenya, sindikulondola pamtengo wa magetsi, ndili ndi ntchito. Mkamwa ndi mwako. Ukafuna mawaya achoke, tipita, ukamuuze dokotala ndi pakamwa pako, ine ndidzakhala chete ngakhale zindiwawe. Ukafuna windo litsekeke, paketi ndi iyo. Koma zovala m'mawa n'kukavula panjira zatha lero. M'nyumba mwanga munthu amasankha poyera."

Anabwerera pamakina. Sanaponde. Ankangoyang'ana singano, makutu ali kumbuyo.

Mwana anakhala nthawi yaitali. Kenako mpando unalira, mapazi anatuluka pakhomo. Mayi Telala anacheuka: paketi inali pomwepo, mano a pulasitala palibe. Anamva chitseko cha saluni chikutseguka.

Khoma la pakati pa zipinda ziwirizo linali la mapulanga opyapyala, anakhoma ndi malemu omwewo, ndipo munthu akatsokomola uku kwinaku ankamva. Mayi Telala, amene moyo wawo wonse ankanyoza anthu omvetsera zam'khoma, anatsamiritsa khutu.

"Azakhali."

"Wabwera, mwana wa achimwene? Amako akutuma?"

"Ayi. Ndabwera ndekha. Ndakubweretserani izi."

Kenako mawu a azakhaliwo anamveka osweka: "Mayo ine. Ndi iwowo. Ndi iwowo ndithu, onani ili lopendekekali."

"Musunge ndinu. Ndikawafuna ndizibwera kudzawaona kuno. Koma mundipatse timphira tanga."

"Watsimikiza?"

"Ndikufuna ndidzajambulitse ndikuseka, azakhali. Wina wa ife ajambulitseko."

Kasosala kanalira pashelefu. Mayi Telala anathamangira pamakina n'kuponda mwamphamvu, kotero kuti Mzime polowa anawapeza ali kalikiliki, maso ali pansalu.

"Zimenezo zakhala pafumbi ndi mafuta a tsitsi, usaike mkamwa," anatero osacheuka. "Taya. Vala za m'paketi. Mawa ndikatenga zina."

Panali patatsala masabata asanu. Mwana anavala. Anavala m'kalasi, anavala panjira, anavala pogona. Ankanyamula paketi m'thumba la yunifolomu, lomwe amake anasokerera dala ndi kazipi. Masiku oyamba nsagwada zinamuwawa mpaka kumutu, anangomwa madzi n'kukoleka tina. Mayi Telala anasunga lonjezo, sanamufunse n'tsiku limodzi lomwe. Koma akadzuka m'mawa ankayang'ana m'kabini ka zinyalala, n'kupezamo timphira totanuka, totopa, ndipo ankatseka kabiniko ngati sanaone kanthu.

Tsiku lija linafika. Dokotala anaika karula. Anayang'ana, anakachotsa, anakaikanso.

"Windo layenda," anatero dokotala.

"Zingati?"

"Pang'ono. Ngati kunenepa kwa singano yanu yaikulu."

"Ndiye muchotsa kapena simuchotsa? Lankhulani zomveka."

"Sindichotsa. Tipitiriza."

Mayi Telala anaimirira mosamala, n'kuugwira mpando kuti usagwe. "Ndinakuuzani kuti mwana wanga sanama," anatero.

Dokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Pano," anawonjeza Mayi Telala. "Ndikunena pano."

Zinatenga miyezi ina khumi. Windo linkachepa ngati bala lopola, osaona tsiku ndi tsiku, koma ukayerekeza ndi mwezi watha n'kudabwa. Mawu analeka kuthawa. Dzina la Kawindo linatsala ndi awiri atatu osamva, kenako nawonso linawatopetsa. Alamu awiriwo anakhala miyezi iwiri osapatsana moni, mpaka tsiku lina zipi ya a saluni inaphulika kasitomala ali pampando, ndipo panalibe telala wina wapafupi. Nkhani ya dzanja sanaitchulenso. Mano a pulasitala anakhala pashelefu yapamwamba ya saluni, pa veleveti wake, ndipo kasitomala akafunsa ankangouzidwa kuti ndi achimwene.

Tsiku lochotsa mawaya, dokotala anathothola tizitsulo kamodzikamodzi, anapala zomatira, anapukuta, n'kumupatsa Mzime galasi. Anamupatsanso kachipangizo kapulasitiki kovala pogona kuti mano asabwerere. Ndiye anamulangiza: asatsegule mabotolo ndi mano, asalume cholembera.

"Ndipo poti kwanu n'kosoka," anatero akuyang'ana dzino lokumbika la Mayi Telala, "ulusi azidula ndi sizasi."

"Mwamva," anatero Mayi Telala. "Ndi sizasi."

Loweruka lotsatira ntchito inachuluka. Mzime anali pampando wake pafupi ndi khomo, akusokerera mabatani pa diresi labuluu. Amake ankapinda thalauza, koma diso limodzi linali kwa iye. Mwana anamanga mfundo. Anayang'ana sizasi, inali pomwepo pabondo pake. Anayang'ana amake. Kenako anakwezera diresi kukamwa.

Du.

Kaphokoso kakang'ono, koti munthu wodutsa panja sangamve. Mayi Telala anakamva m'mafupa.

"Iwe! Dokotala anati chiyani?"

"Kamodzi kokha, mama."

"Kamodzi kokha n'kumene kumayambira zonse. Bweretsa kuno ndione." Anatenga diresi, anayang'ana pomwe ulusi unadukira. Unaduka bwino, pafupi ndi mfundo, osanyowa, osatafunidwa. Anatola kachidutswa kotsala pa singano n'kukaika m'thumba la epuloni. Kenako anamenya khoma la mapulanga ndi chikhatho katatu.

"Alamu! Siyani mutu wa munthuyo, bwerani kuno!"

A saluni anafika chipeso chili m'manja, kasitomala wa mutu wolukidwa theka ali pambuyo, wokonza mafoni naye n'kusuzumira pakhomo.

"Kwagwanji?"

Mayi Telala anadula ulusi wina wautali n'kumupatsa Mzime.

"Mama, mwangonena kumene kuti dokotala..."

"Dokotala ali kuchipatala. Aka n'komaliza, ukadzabwerezanso ndidzakuswa. Luma."

Du. Ndipo mwana anaseka, pakamwa ponse, manja onse awiri ali pa ulusi.

A saluni anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamugwira chibwano, anamutembenuzira kowala, n'kumuuza kuti atseke pakamwa. Milomo inakumana yokha, mosakakamiza.

"Ha," anatero. "Chibwanochi n'cha achimwene. Sindinkachiona, mano ankatchinga."

"Chinalipo nthawi yonseyi," anatero Mayi Telala. Anakhala pamakina, anakonza nsalu pansi pa singano, n'kuyang'ana gulu lomwe linadzaza pakhomo. "Mwaona nonse? Zaka ziwiri. Anakoka yekha ameneyu, palibe anamugwirira. Tsopano chokani pakhomo, mukutchinga kuwala. Iwe, tenga sizasi."